Cotsika ku Chongwe Cikwera Pomaliza

Anzanga acinyamata, ambiri a inu amene mukhala mu Lusaka mudziwa mmene ku Kamwala kumakhalira m'mawa. Malole ndi ma Canter amaima mondondozana kutsogolo kwa masitolo a maoda, ndipo anyamata amathamanga ndi makatoni pamutu ndi matumba pamapewa. Ena mwa anyamata amenewo ndinu nomwe kapena abale anu, pakuti kulonga katundu ndiyo ganyu imene mnyamata womaliza Giredi 12 amaipeza msanga pamene ayembekezera zotsatira za mayeso. Ine ndinaigwira nchitoyi pa chuthi katatu pamene ndinali ku koleji, m'sitolo ina yotumiza katundu ku Cigawo ca Kum'mawa. Ndifuna tikambirane za iyo cifukwa anthu amainyoza. Amati ndi nchito ya msana cabe, aliyense wodya nsima yambiri angaithe. Amene amanena conco sanafunsepo dalaivala.

Taganizani za lole imene icoka mu Lusaka kupita ku Chipata. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, ndipo lole ya katundu wa masitolo imaimaima m'njira monse. Itsitsa pa Chongwe, mwina pa Rufunsa, iwoloka mlatho wa Luangwa, itsitsanso ku Nyimba, ipatukira ku Petauke, kenaka Sinda, Katete, ndipo ifika ku Chipata dalaivala atatheratu. Inu amene munalonga simukhalapo pa malo onsewa. Citseko cikatsekedwa mulandira ndalama yanu ndi kupita kukasamba. Dalaivala ndi lorry mate wake ndiwo amapita ndi nchito ya manja anu, ndipo amakumana nayo usiku, nthawi zina mumvula, mwini sitolo ataima pambali ndi nyali ya pa foni akufunsa kuti makatoni ake asanu ali kuti. Cifukwa ca ici, pa katoni iliyonse imene munyamula muyenera kudzifunsa mafunso awiri: kodi munthu wotopa adzaipeza bwanji mumdima, ndipo idzacita ciani lole ikamanga mabuleki modzidzimutsa?

Musanakweze kanthu kalikonse, pitani kwa dalaivala. Anyamata ambiri amaopa, makamaka ngati dalaivalayo ndi wacikulire ndipo wakhala phee mu kabini, koma kufunsa mwaulemu sikunaphe munthu. "A dalaivala, muyamba kutsitsa kuti? Mugona kuti lero?" Mapu a m'kalasi amati Nyimba ibwera poyamba ndipo Petauke pambuyo, ndipo n'zoona, koma dalaivala adziwa zimene mapu sadziwa. Adziwa kuti wasitolo wakutiwakuti amatseka 5 koloko madzulo, ndipo ngati lole yacoka mocedwa katundu wake adzatsika pobwerera. Adziwa kuti tauni ya Petauke ili kumbali pang'ono ya msewu waukulu, ndi kuti wogula wina wa kumeneko amakonda kudikira pamphambano ndi ngolo yake. Adziwanso kuti pa malo ena adzaima m'mbali mwa msewu penipeni, kumene kutsitsira kumanja ndi kuika mwendo m'njira ya magalimoto othamanga, pakuti m'dziko lathu timayenda kumanzere. Katundu wa pamalo otero ayenera kukhala kumanzere kwa lole. Zonsezi simungazidziwe mwa kuyang'ana makatoni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mukamva ndondomeko ya ulendo, lamulo loyamba ndi losavuta: comaliza kutsika ndico ciyamba kukwera. Katundu wa ku Chipata alowa poyamba ndi kukhala mkati, pafupi ndi kabini. Wa ku Katete atsatira, kenaka wa ku Sinda, mpaka wa ku Chongwe amene akhala pakhomo. Koma lamulo limeneli silitheka ngati mutenga katundu m'sitolo ndi kuthamanga naye molunjika ku lole. Yambani mwaunjika pansi, mulu wa tauni iliyonse paokha, ndipo sanjani mapepala a katunduyo m'ndondomeko yomweyo. Pa nthawi imeneyi bwana amakalipa. Iye aona lole yopanda kanthu ndi anyamata amene angozungulira miulu, ndiye aganiza kuti mukuseweretsa nthawi. Muuzeni mofatsa cimene mukucita ndipo pitirizani. Theka la ola limene mutaya pansi limapulumutsa maola awiri panjira. Katoni imodzi ya ku Nyimba ikabisala pansi pa katundu wa ku Katete, anthu awiri ayenera kutsitsa gawo lalikulu la lole, kuliika pafumbi pakati pa gulu la anthu, kulilonda kuti lisasowe, ndi kulikwezanso. Pokwezanso sabweza mmene munaikira, motero cisokonezo ca pa Nyimba cimabala ca pa Petauke.

Ku America kuli kampani yaikulu yopereka maphukusi yochedwa UPS, imene inayamba mu 1907 mumzinda wa Seattle. Olonga ake amagwira nchito kusanace, madalaivala asanabwere. M'magalimoto awo muli mashelufu ogawidwa ndi manambala kuyambira 1000 mpaka 8000, ndipo phukusi lililonse limamatidwa kapepala kosonyeza pamene liyenera kukhala molingana ndi mmene dalaivala adzaimire. Kompyuta ndiyo imawerengera zonse. Ku Kamwala ife tili ndi coko cabe ndi mutu, koma nzeru yake ndi imodzimodzi. Mungathe kulemba ndi coko pakhoma la lole pamene katundu wa tauni ina athera ndi pamene wa ina ayambira, kapena kupinga cikatoni cakale pakati pawo.

Lamulo limeneli likanakhala lokha, nkhani yanga ikanathera pano. Koma pali lamulo lina limene limalimbana nalo, ndipo apa ndi pamene pamaonekera wolonga weniweni. Ndilo lamulo la kulemera.

Tiyerekeze kuti wasitolo wa pa Chongwe waoda matumba 20 a simenti, ndipo wa ku Chipata waoda makatoni 60 a mabisiketi ndi mabelo a mabulangete. Mukatsata lamulo loyamba mwakhungu, mabisiketi akhala kutsogolo ndipo simenti ikhala kumcira kwenikweni kwa lole, pakuti ndiyo iyamba kutsika. Thumba la simenti lilemera makilogalamu 50, ndiye kuti matumba 20 ndi makilogalamu 1,000, tani imodzi yathunthu. Tsono tiyerekezenso kuti kucokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika pa ya kumbuyo pali mamita 4, ndipo simentiyo mwaiika mita imodzi kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo. Amene munakonda sayansi kusukulu werengerani nokha. Ekiselo ya kumbuyo isenza makilogalamu 1,250, ngakhale simentiyo ndi 1,000 cabe. Nanga 250 yoonjezerayo yacokera kuti? Yacotsedwa pa matayala a kutsogolo. Lole yakhala ngati thabwa limene ana amasewerapo, wina akatsika mnzake akwera. Ndipo matayala a kutsogolo ndiwo amaongolera. Dalaivala amamva ciwongolero capepuka m'manja, ndipo pa msewu wonyowa angakhotetse koma lole n'kupitabe kumene ifuna.

Kulonga zolemera zonse kutsogolo kwenikweni nakonso kuli ndi vuto lake, cifukwa kumapanikiza matayala awiri okha a kutsogolo amene asenza kale injini ndi kabini. Malo abwino a katundu wolemera ndi pansi, pakati pa lole, patsogolo pang'ono pa ekiselo ya kumbuyo, ndipo kumanzere ndi kumanja kulingane.

Nanga simenti ya pa Chongwe ija ticite nayo bwanji? Ngati lole ndi yotsegula m'mbali, nkhani ndi yapafupi: ikani simentiyo pakati pamene iyenera kukhala, ndipo idzatsikira pambali popanda kukhudza za ena. Ngati lole ndi ya bokosi, ya citseko ca kumbuyo cokha, muyenera kusankha. Mungasiye kanjira kopapatiza kofika pa simentiyo, kodzazidwa ndi katundu wopepuka wa pa Chongwe pomwepo, kuti akangocotsa zopepukazo njira itseguke. Kapena mungavomere kuti zinthu zina zidzagwiridwa kawiri, koma musankhe nokha kuti zikhale ziti. Kusuntha mabelo khumi a mabulangete ndi kuwabwezera ndi nchito ya mphindi zisanu. Kusuntha matumba khumi a fataleza ndi nchito yothyola msana. Ngati pali cimene ciyenera kukhala pamalo osakhala ake, cikhale copepuka, ndipo dalaivala audzidwe. Malamulo awiriwa akasemphana kotheratu, ine ndimati la kulemera lipambane. Kucedwa pa Chongwe kumakwiyitsa, koma lole yosamvera ciwongolero imapha.

Tsopano tikambe za mabuleki. Anthu ambiri amakhulupirira kuti cinthu colemera sicingasunthe, kuti kulemera kwake ndiko cingwe cake. Bodza limeneli lagwetsa malole ambiri. Lole ikaima mwadzidzidzi, katundu safuna kuima. Malamulo a ku Ulaya a kamangidwe ka katundu, ochedwa EN 12195-1, amawerengera kuti pomanga mabuleki mwamphamvu katundu amakankha kutsogolo ndi mphamvu yolingana ndi magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo pokhota amakankhira pambali ndi theka la kulemera kwake. Ndiye kuti tani imodzi ya simenti ija imakankha ngati makilogalamu 800, molunjika kumsana kwa dalaivala. Ngati katunduyo watsamira kale pakhoma la kutsogolo, kapena pa katundu wina wolimba amene watsamira pakhomalo, khoma lingapirire. Koma mukasiya mpata, katundu amayamba watsetsereka, atenga liwiro, ndi kumenya ngati nyundo. N'cifukwa cake mpata uliwonse pakati pa miulu uyenera kutsekedwa. Matayala akale, mapulanga, mabelo a salaula, zonsezi zimathandiza.

Amene munayendapo ku Chipata mudziwa mapiri a Manenekela popita ku mlatho wa Luangwa, kumene msewu umatsika uku ukukhotakhota. Kumeneko dalaivala amamanga mabuleki ndi kukhota pa nthawi imodzi, kangapo motsatizana. Katundu amene anaoneka wokhazikika pabwalo la ku Kamwala amayesedwa kumeneko. Mulu wautali umapendeka, ndipo ukapendekera mbali imodzi umakoka lole yonse. Cifukwa cake musakonde kumanga nsanja. Ngati pansi pa lole pakali malo, yalani katundu ponseponse m'malo mokweza mulu umodzi kufika kumwamba. Ndimaona anyamata ena akunyadira lole imene yatalika ngati nyumba yosanja, ndi kuijambula pa foni. Dalaivala amene adzatsika nayo Manenekela sanyadira.

Malata afunika mawu awoawo. Ndi oterera, ndi akuthwa, ndipo akaunjikidwa amatsetsereka limodzi pa linzake ngati mapepala. Agonekeni pansi, nsonga zake zitagunda khoma la kutsogolo, ndipo amangidwe paokha ndi lamba kapena cingwe cawo asanaikidwepo kanthu kena pamwamba. Cimodzimodzi ndi mapaipi ndi zitsulo zomangira nyumba. Zinthu zimenezi zikauluka siziphwanya katundu cabe, zimaboola kabini.

Palinso cinthu cimene olonga ambiri amaiwala: lole imene icoka mu Lusaka siyo imene icoka mu Petauke. Katundu akamatsika, kulemera kumasintha malo. Ngati zonse zatsikira kumbuyo, zotsala zimaunjikana kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kumatsala bwalo lopanda kanthu. Pokwera citunda, mulu umene unali wochingidwa ndi anzake umagwera m'bwalo limenelo. Conco musamange lole yonse ndi cingwe cimodzi cacitali cimene cikamasulidwa pa Chongwe zonse zamasuka. Mangani gawo lililonse ndi cingwe cake, ndipo sanjani mapeto a gawo lililonse ngati masitepe, motsika pang'onopang'ono, kuti lithe kuima palokha mnzake akacoka.

Za kasanjidwe ka matumba ambiri muzidziwa. Matumba a unga, a shuga kapena a fataleza amasanjidwa monga womanga nyumba amasanjira njerwa, mzere uwu cautali, wotsatira copingasa, kuti agwirane. Makatoni ndi osiyana pang'ono. Mphamvu ya katoni ili m'makona ndi m'mbali zake zoimirira, pakati pa civundikiro ndi pofooka. Makatoni ofanana akaikidwa kona pa kona amasenza bwino, koma mulu wotero umagwa msanga ngati sunatsamire pa kanthu. Motero m'munsi sanjani kona pa kona, muwapanikize pakhoma, ndipo mizere ya pamwamba muipingase kuti imange muluwo. Katoni yaing'ono yolemera ikaikidwa pakati pa yaikulu yopepuka imamira. Mivi imene ili pa katoni sanaijambule kuti ikongoletse, iloze kumwamba. Ndipo conde musaponde pa makatoni pokwera. Nsapato imodzi imakwanira kusandutsa mabisiketi kukhala unga, ndipo pamwamba pake sipaoneka kanthu kufikira wogula atatsegula.

Pali katundu amene sayenera kugonera limodzi. Sopo ndi palafini zimapatsira fungo lake ku shuga, ku tiyi ndi ku unga, ndipo mayi amene adzaphika nsima yonunkha palafini ku Sinda sadzadziwa dzina lanu koma adzakutembererani. Kapenta naye amanunkhitsa nsalu. Zigubu za saladi za malita 20, zimene cimodzi cilemera makilogalamu oposa 18, zikhale pansi, zoimirira, zitsekerero zitayang'aniridwa, pakuti zamadzimadzi zikadontha zimatsika ndi kuononga zonse zimene zili m'munsi mwake. Fataleza amakoka cinyezi ndipo amadya citsulo, conco asakhudzane ndi malata. Simenti ikanyowa yatha. Koma coopsa koposa ndi mankhwala a m'munda, aja ophera tizilombo m'thonje ndi m'cimanga ndi aja ophera udzu. Nyengo ya dzinja ikayandikira amapita ambiri ku Cigawo ca Kum'mawa, m'malole omwewo amene anyamula zakudya. Botolo limodzi likasweka pamwamba pa matumba a unga, palibe amene adzaona pomwe lagwera ungawo ukauma. Ngati sikutheka kuwapatsa ulendo wawo, akhale pansi, pakona yawoyawo, kutali ndi ciliconse colowa m'kamwa. Pa nkhani iyi musagonjere munthu aliyense, ngakhale bwana.

Mathireyi a mazira ndi mabokosi a anapiye amakwera pomalizira penipeni ngakhale apite kutali. Anapiye afuna mpweya. Mukawaphimba ndi tenti dzuwa la ku Luangwa lidzawamaliza asanaone Nyimba.

Tibwere ku zolembalemba, zimene anyamata ophunzira ayenera kuzicita bwino kuposa ena koma kawirikawiri amazinyalanyaza. Kulemba "Banda, Katete" pa katoni n'cimodzimodzi kusalemba kanthu. Kodi ku Katete kuli a Banda angati? Nanga a Phiri ku Chipata? Lembani dzina lonse, dzina la sitolo, tauni, ndi nambala ya foni, ndi zilembo zazikulu, pa mbali ziwiri za katoni. Ngati munthu mmodzi ali ndi makatoni asanu, lembani 1/5, 2/5 mpaka 5/5, kuti wotsitsa adziwe kuti pakali ina imene sanaipeze. Ndipo posanja, zolembazo ziyang'ane kukhomo, kumene maso a wotsitsa adzacokera. Mukatembenuzira dzina kukhoma mwampatsa nchito yotembenuza katoni iliyonse. Makatoni akale amene anagwirapo kale nchito amakhala ndi maina a anthu ena, afafanizeni. Maphukusi ang'onoang'ono, monga a mankhwala a kucipatala kapena tizitsulo ta njinga, asamwazike m'mipata ya katundu wamkulu kumene amamira. Aikeni onse m'katoni imodzi kapena m'thumba limodzi ndi kumpatsa dalaivala m'manja.

Kuwerenga kucitike pamaso pa dalaivala kapena lorry mate wake, katundu akamakwera, osati atakwera kale. Mwina mudzaona ngati ndi kusakhulupirirana, koma dziwani kuti m'malo ambiri katundu akasowa panjira, ndalama yake imadulidwa pa malipiro a dalaivala. Katoni imene inatsala kuseri kwa citseko ca sitolo mu Lusaka ingadye cakudya ca ana a munthu amene sanaione n'komwe. Akawerenga yekha ndi kusaina, mwamteteza ndiponso mwadziteteza. Dalaivala wina wacikulire amene ndinamulongera kawirikawiri anali ndi mwambo wopempha cidutswa ca katoni cojambulidwapo lole, ndi maina a matauni pamalo pamene katundu wake ali. Anali kucisunga pa dashibodi. Cithunzi cotere cimatenga mphindi ziwiri, ndipo ngati lorry mate wasinthidwa panjira, watsopanoyo amawerenga ndi kudziwa poyambira.

Tsiku lina mudzauzidwa kuti muonjezere matumba ena khumi pa lole imene yadzala kale. Adzati malo alipo. Zoona, malo amakhalapo nthawi zonse, koma malo ndi kulemera ndi zinthu ziwiri. Lole yodzala mabulangete kufika kudenga ingakhale yopepuka, pamene ya simenti yofika m'mawondo cabe yapitirira kale malire. Phunzirani kuwerengera m'mutu: unga makilogalamu 25, fataleza 50, simenti 50, matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani. Kulemera kumene lole iloledwa kunyamula kunalembedwa m'mapepala ake, ndipo dalaivala akudziwa. Bungwe la Road Development Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la misewu la mu 2002, lili ndi masikelo oyezera malole monga a pa Kafue ndi pa Kapiri Mposhi. Malire ake ndi matani 8 pa ekiselo yoongolera, matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, ndi matani 56 pa lole yaikulu yonse pamodzi ndi ngolo zake. Cimene cikukhudzani inu olonga ndi ici: amayeza ekiselo iliyonse payokha. Lole ingakhale yosapitirira malire ikawerengedwa yonse, koma n'kugwidwa cifukwa katundu anaunjikana pa ekiselo imodzi. Pamenepo wolakwa si mwini katundu, ndi manja amene anasanja, koma amene amagona pa sikelo ndi dalaivala.

Mwina mudzafunsa kuti boma livutikiranji ndi matumba ocepa oonjezera. Pakati pa 1958 ndi 1960 akatswiri a misewu ku America anayendetsa malole usana ndi usiku pa misewu yoyesera mu Illinois, ndipo anapeza kuti kuonongeka kwa msewu kumakwera mofulumira kwambiri kuposa kulemera. Ekiselo ikasenza kuwirikiza kawiri, msewu umaonongeka pafupifupi kuwirikiza ka 16. Maenje amene amagwedeza mazira athu panjira amakumbidwa pang'onopang'ono ndi matumba khumi oonjezera aja. Mudziwa kuti waganyu alibe mawu amphamvu pamaso pa mwini sitolo. Koma mungathe kuchula nambala. Nenani kuti tafika matani akuti, dalaivala ali pomwepo akumva. Kawirikawiri iye amafuna kukana koma asowa womuyambira.

Ndisaiwale msana wanu, pakuti muli nawo umodzi. Makolo athu m'masiku a NAMBOARD anali kusenza matumba a cimanga a makilogalamu 90, ndipo ambiri a iwo amayenda cowerama lero. Tsopano matumba ndi a 50, koma nawonso si ocepa. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anchito, NIOSH, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 linawerengera kuti makilogalamu 23 ndiwo malire a cimene munthu anganyamule yekha popanda ngozi, ndipo apo n'kuti zonse zili bwino. Thumba la simenti liposa pamenepo kawiri. Conco pindani mawondo m'malo mwa ciuno, thumba likhale pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi, musapotoze msana muli ndi katundu. Anzanu awiri akukwezereni paphewa, ndipo pa lole pakhale wolandira. Mpikisano woonetsa amene anganyamule matumba awiri pamodzi umasangalatsa oonerera, koma iwo sadzakhalapo pamene mudzalephera kumanga nsapato muli ndi zaka 35. Ena amamwa kacasu kuti apeze mphamvu. Cimene amapeza ndi kusamva ululu, ndipo ululuwo ndiwo unali kuwacenjeza. Imwani madzi, ndipo mangani kansalu kumphuno ponyamula simenti.

Comalizira ndi tenti ndi zingwe, ndipo zimabwera pamene aliyense watopa ndi kufuna kupita. Tenti imachinga mvula ndi fumbi, siigwira katundu. Katundu amangidwe kaye, tenti ibwere pambuyo. Ngati tenti ndi ziwiri, yalani ya kumbuyo poyamba ndipo ya kutsogolo ibwere pamwamba pake, kuti mphepo ndi mvula zocokera kutsogolo zisapeze polowera. Pakati pakhale potukuka pang'ono kuti madzi asapange dziwe. Pamene cingwe cidutsa pa kona ya katoni kapena pa mpeni wa lata, ikanipo cidutswa ca tayala kapena cikatoni copinda, kuopa kuti cingwe cingadule katoni kapena lata lingadule cingwe. Mfundo zonse, ngati kutheka, zikhale kumanzere, kuti womasula asaime kumbali ya magalimoto. Lorry mate akhale mu kabini. Pamwamba pa katundu si pokhala munthu.

Zingwe zimene mwamanga zolimba ngati ng'oma zidzakhwepa lole ikangoyenda pang'ono, cifukwa matumba amakhazikika ndi kuphwa akagwedezeka. Potsazikana ndi a dalaivala, akumbutseni mwaulemu kuti akaime pa Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kucoka mu Lusaka, akakokenso zingwe zonse asanalowe m'mapiri, ngakhale pa tsiku limene alibe cotsitsa pamenepo.